Mita Yatsopano, Madzi Ozizira

Ku Shetland, zisumbu za kumpoto kwenikweni kwa Scotland, usana wa mwezi wa December sukwana maola 6, ndipo mphepo ya kunyanja imaomba osapuma. Kumeneko kulibe mapaipi a gasi amene amafunditsa nyumba zambiri za m'mizinda ya ku Britain, ndipo nkhuni nazonso n'zosowa pakuti mitengo siimera bwino. Ena amadalira mafuta, koma mabanja ambiri amadalira magetsi pa zonse: kuphika, kufunditsa nyumba ndi kutenthetsa madzi. Mai wokalamba wokhala yekha akadzuka m'mawa natsegula mpopi, madzi otentha amene amatuluka sanawateleke iye. Anatentha usiku iye ali m'tulo, ndipo cimene cinayatsa giza pa nthawi yake, ndi kuizimanso kusanace, ndi mita ya magetsi imene iri m'kabati pafupi ndi khomo.

Ife mita timaidziwa ngati cinthu cowerenga mayunitsi basi. Koma m'nyumba zimene tikunenazi mita iri ndi nchito ziwiri: imawerenga, ndiponso ndiyo dzanja loyatsa ndi lozima. M'zaka za 2024 ndi 2025 makampani a magetsi a ku Britain anali pa liwiro kucotsa mamita akale otere ndi kuikapo atsopano ochedwa smart meter. Kwa ambiri kusinthako kunayenda bwino. Koma m'nyumba zina mita yatsopano inabwera ndi nzeru ya kuwerenga, niiwala nchito ya dzanja, ndipo mwa anthu amene anasamba madzi ozizira kapena kulandira bilu yododometsa, ambiri anali okalamba.

Magetsi a usiku

Ciyambi ca nkhaniyi ciri kumene magetsi amapangidwa. Makina oyendera malasha ndi a nyukiliya sazimidwa madzulo ndi kuyatsidwanso m'mawa ngati nyali. Akayamba kuyenda afunika kuyendabe. Koma pakati pa usiku anthu agona, masitolo ndi mafakitale atseka, magetsi alibe owagula. Motero mu 1978 kunayambika mtengo wochedwa Economy 7. Kwa maola 7 a usiku, kawirikawiri kuyambira ca m'ma 12 koloko kufikira ca m'ma 7 koloko m'mawa, yuniti imagulidwa mochipa. Pa maola 17 otsalawo yuniti imakwera mtengo kuposa umene amalipira anthu amene sali pa panganoli. Wogwiritsa nchito magetsi usiku amapindula, wowagwiritsa nchito masana amaluza.

Nyumba zambiri, makamaka zing'onozing'ono za makhonsolo ndi zosungiramo okalamba, zinakonzedwa motsata mtengo umenewu. M'cipinda muli hita yaikulu yolemera, ndipo m'kati mwake muli njerwa. Usiku magetsi amatenthetsa njerwazo, masana izo zimatulutsa kutentha pang'onopang'ono, monga momwe mafuwa amakhalira otentha moto utazima kale. Madzi nao amasungidwa m'thanki yokutidwa bwino, m'mene muli citsulo cotenthetsera ca mphamvu ya makilowati 3. Kuti malita 120 acoke pa madigiri 10 kufika pa madigiri 60 pamafunika mayunitsi pafupifupi 7, ndi nthawi yopitirira pang'ono maola awiri. Mayunitsi 7 tsiku ndi tsiku ndiwo oposa 200 pa mwezi, a madzi okhaokha. Inu amene mumagula mayunitsi mutha kuona nokha kuti ola limene giza yayaka si nkhani yaing'ono kwa munthu wodya penshoni.

Mahita ndi gizayo ziri pa waya waowao, wosiyana ndi wa nyali ndi firiji. Waya umenewo umakhala wakufa usana wonse, ndipo umalandira moto pokhapo mita ikautsegulira. Pa thanki pamakhalanso swichi ina yothandizira ngati madzi atha masana, koma imeneyo imadya magetsi a mtengo wokwera, ndipo nkhalamba zosamala ndalama zimaiopa ngati njoka.

Lamulo lobwera pa wailesi

Kodi mita inali kudziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Poyamba inali ndi koloko ya makina, koma koloko imatsalira, ndipo magetsi akazima imasokonezeka. Ndiye m'zaka za m'ma 1980 akatswiri anapeza njira yodabwitsa ndithu. Lamulo loti "yatsa" ndi loti "zima" analibisa m'mafunde a wailesi ya BBC Radio 4, pa long wave, 198 kHz. Womvera nkhani pa wailesiyo sanali kumva kanthu kacilendo, koma kabokosi ka pambali pa mita kanali kumva ndi kumvera. Mafundewo anali kucokera pa milongoti ya ku Droitwich, ku England, imene inayamba nchito mu 1934, ndi pa ina ya ku Westerglen ndi ku Burghead, ku Scotland. Njirayi anaicha Radio Teleswitch Service, mwacidule RTS.

Ubwino wa mafunde aataliwa ndi wakuti amalowa paliponse: kuseri kwa mapiri, m'zigwa, pa zisumbu, ndi m'nyumba za zipupa zamiyala zocindikala. Ndiponso makampani anali kutha kugawa nyumba m'magulu, gulu lina liyatsidwe tsopano, lina pambuyo pake, kuti mahita onse a m'dera asayake pa mphindi imodzi ndi kulemetsa mawaya. Kwa zaka pafupifupi 40 njirayi inagwira nchito mwakacetecete. Mai amene analowa m'nyumba yake ali ndi zaka 40 anafika zaka 80 asanafunikepo kudziwa kuti madzi ake amatenthetsedwa ndi lamulo locokera ku wailesi.

Koma makina a ku Droitwich anali kuyendera mababu aakulu amene mafakitale analeka kupanga. Mu 2011 BBC inalengeza kuti sidzaikanso ndalama pa long wave, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti mababu otsala pa dziko lonse sanali kukwana 10. Panalibe wotsutsa kuti RTS idzatha. Bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi, Ofgem, linacenjeza kuti mafundewo akadzazima, mahita ndi magiza ena adzakhala ciyakire usana ndi usiku, ena sadzayakanso konse, ndipo ena adzayamba kuyaka pa maola okwera mtengo.

Tsiku lozima linaikidwa pa mapeto a March 2024, kenaka linasunthidwa kufika pa 30 June 2025. Komabe pofika kumapeto kwa May 2025 nyumba zoposa 300,000 zinali zikali ndi mamita akale, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali ku Scotland. Phungu wa nyumba ya malamulo woimira Orkney ndi Shetland, Alistair Carmichael, anali mmodzi mwa amene analankhulapo mobwerezabwereza. Kutatsala masiku owerengeka, boma linalengeza kuti mafundewo sadzazimidwa tsiku limodzi, koma pang'onopang'ono, kuyambira ndi nyumba zocepa, dera ndi dera. Nzeru imeneyo inali yabwino, koma inabwera mocedwa. Kucokera mu 2011 kufika mu 2025 panapita zaka 14. Nchito imene ikanagwiridwa modekha inagwiridwa mothamanga, ndipo akulu anati kuthamanga sikufika.

Mmisiri atapita

Vuto lalikulu silinali la amene sanasinthidwe mita okha. Linagweranso amene anamvera makalata, nadikira mmisiri, namtsegulira khomo.

Mita wamba iri ndi malo anai olowetsamo mawaya. Nyumba ya mahita a njerwa ndi giza ya usiku imafuna mita ya malo asanu, pakuti malo acisanuwo ndiwo amatsegula ndi kutseka waya wa usiku uja. Mmisiri akabwera ndi mita ya malo anai, kapena akapanda kulumikiza bwino waya wacisanu, nyali zimayaka, wailesi yakanema imaonetsa, firiji imalira, ndipo iye amanyamula zida zake napita zonse zikuoneka bwino. Nanga akanaona bwanji? Iye wabwera masana, nthawi imene waya wa usiku umakhala wakufa ngakhale zonse ziri bwino. Colakwa cimaonekera m'mawa mwake, pamene mwini nyumba waika dzanja pa mpopi. Ndipo ngati mita yaikidwa m'miyezi yofunda, mahita asakugwira nchito, colakwa ca ku mahita cimadzaululika pamene cisanu cafika.

Pali vuto lina loipa kuposa ili, cifukwa madzi amatentha ndithu ndipo palibe cokaikitsa. M'mita yatsopano muli ndandanda ziwiri za nthawi. Ina imanena ola limene mtengo wochipa uyamba ndi kutha, ina imanena ola limene waya wa giza utsegulidwe. Ziwirizi ziyenera kugwirizana. Ngati sizinakonzedwe mofanana, giza itha kuyamba kudya magetsi mtengo wochipa usanayambe, kapena kupitirizabe utatha kale. Mwini nyumba amasamba bwinobwino osadziwa kuti usiku uliwonse akugula mayunitsi ake pa mtengo wa masana. Amadzadziwa bilu ikafika, mwina patapita miyezi. Pa ici onjezaponi mwambo wa ku Britain wosuntha mawochi ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la March, ndi kuwabwezeranso Lamulungu lomaliza la October. Mamita ambiri sasuntha nao, kotero kuti maola ochipa a pa wochi ya pakhoma amasiyana ndi ola lathunthu pakati pa cilimwe ndi nyengo ya cisanu. Munthu amene ali ndi kawochi kakekake koyatsira giza atha kuluza ola limenelo kwa miyezi 7 osazindikira.

Zolakwa za ndandanda zitha kukonzedwa ndi munthu ali mu ofesi, pakuti smart meter inapangidwa kuti idzilankhulana ndi kampani. Koma apa mpamene cikomekome ca mkuyu cimaonetsa nyerere zake. Mita yakale inali kungomvera, ndipo mafunde ake anali kufika paliponse. Yatsopano iyenera kumva ndi kuyankha. Kum'mwera ndi pakati pa dzikolo anaikonzera kuyendera netiweki ya mafoni a m'manja, ndipo kumpoto kwa England ndi ku Scotland anaikonzera mafunde ena a wailesi. Njira zonse ziwiri zimafooka kuseri kwa phiri ndi m'kati mwa zipupa zocindikala. Ciwerengero ca boma cinasonyeza kuti kumapeto kwa 2023 mamita atsopano pafupifupi 4 miliyoni, a magetsi ndi a gasi, sanali kulankhulana ndi makampani ao. Kumene kulibe netiweki, mita imaikidwa itakonzedweratu maola ake. Ikakonzedwa bwino, zonse ziri bwino. Ikalakwika, palibe batani la mu ofesi lothandiza. Pafunika mmisiri abwerenso, ndipo pa zisumbu mmisiri amabwera pa sitima ya pamadzi, nyanja ikalola.

Kumpoto kwa Scotland kunalinso pangano lina, Total Heating Total Control, la mamita awiri m'nyumba imodzi, m'mene magetsi onse ofunditsira nyumba anali ndi mtengo waowao wotsika. Mawaya a nyumba zotere ngovuta, ndipo si mmisiri aliyense anawazolowera. Mu 2025 Ofgem inalamula makampani kuti ayesetse kupatsa anthu osinthidwa mita pangano losawaluzitsa poyerekeza ndi lakale. Lamulo lotere silikanalembedwa pakanakhala palibe oluza.

Cifukwa cake zimapweteka okalamba

Wacinyamata wopita ku nchito akapeza madzi ozizira amakwiya, natenga foni, nalemba dandaulo pa intaneti, nakasamba kwa mnzake. Nkhalamba ya zaka 85 iri m'nyumbamo usana wonse. Makutu sakumva bwino, ndipo kudikira pa foni mphindi zambiri, ukuuzidwa ndi makina kuti dina 1, dina 2, ndi nchito yotopetsa. Mita iri m'kabati ya pansi pofuna kugwada, kapena pamwamba pofuna kukwera pa mpando. Pamwamba pa izi pali ulemu wa mbadwo umenewo: ambiri safuna kuvutitsa anthu, ndipo amayamba adziimba mlandu okha kuti mwina ndiwo anadina posayenera.

Tsono amacita ciani? Ena amayatsa swichi yothandizira ija, nalipira mtengo wa masana. Ena, poopa bilu, amazimiratu zonse, navala majuzi awiri. Ena amawiritsa madzi m'ketulo ndi kuwanyamula kupita nao kubafa, manja akunjenjemera, pansi poterera. Madokotala a ku Britain amalangiza kuti cipinda ca munthu wokalamba cisazizire kupyola madigiri 18, cifukwa kuzizira kumakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kumaonjezera ngozi ya matenda a mtima, sitiroko ndi cibayo. Thanki yosatentha mokwanira nayo iri ndi ngozi yake: tizilombo tochedwa Legionella timaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, ndipo timayambitsa cibayo coopsa. N'cifukwa cake madzi a m'thanki ayenera kufika madigiri 60.

Pali cinanso cimene sicilembedwa pa bilu. Munthu amene sanasambe bwino kwa sabata amacita manyazi, amaleka kupita kumene anzake amasonkhana, ndipo amaleka kuitana alendo. Kudzipatula kotere kumacedwetsanso tsiku limene wina adzazindikire kuti m'nyumbamo muli vuto. Mu 2023 anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo okhala okha ku United Kingdom anali oposa 4 miliyoni.

Nafenso tinalawako

Nkhani ya mita yosinthidwa si yacilendo kwa ife a ku Zambia. Mamita ogulira mayunitsi pasadakhale amazindikira tokeni iriyonse mwa kuwerenga mphindi kucokera pa 1 January 1993, ndipo malo osungira ciwerengeroco anali oti adzaza pa 24 November 2024. Cifukwa ca ici ZESCO, monga makampani a m'maiko ena ambiri, inapempha anthu kulowetsa matokeni apadera m'mita zao, iriyonse ya manambala 20, motsata ndondomeko yake, mayunitsi atsopano asanalowe. Zinacitika m'caka ca cilala, madzi a ku Kariba atacepa, magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku. Amene anaonapo ambuya a maso ofooka akulimbana ndi manambala 20 pa kuwala kwa tochi adziwa kuti cimene katswiri amati n'capafupi, kwa wina ndi phiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno kawirikawiri pamapezeka mdzukulu kapena mwana wa a neba wodina manambalawo, ndipo giza ikakana pali mbaula ndi ndowa. M'nyumba yosanja ya ku Glasgow mbaula siingayatsidwe, pakuti utsi wa makala m'cipinda cotsekeka umapha.

Palinso cingwe cina cotilumikiza ku nkhaniyi. Mabanja ambiri ali ndi ana ndi abale amene akugwira nchito ku Britain, ena manesi, ena osamalira okalamba m'nyumba zao. Wosamalira amene amafika m'mawa kudzasambitsa nkhalamba ndiye woyamba kuika dzanja m'madzi. Kawirikawiri ndiye yekha amene amalowa m'nyumbamo tsiku limenelo. Ngati magazini ino ifika m'manja mwao, kapena inu muwauza pa foni, pali zinthu zingapo zoyenera kuzidziwa.

Kusintha mita ya RTS n'kwaulere. Wobwera pakhomo kudzapempha ndalama za nchito imeneyi ndi wakuba. Kampani iriyonse ya magetsi iri ndi kaundula wochedwa Priority Services Register, wa anthu a msinkhu wa penshoni, olumala ndi odwala. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo wolembedwa atha kusankha wacibale kapena womsamalira kuti adzilandira makalata ndi mabilu m'malo mwake. Tsiku loika mita n'kwabwino kuti pakhale munthu waciwiri, amene adzauze mmisiri asanayambe kuti nyumbayo iri ndi mahita a njerwa ndi giza ya usiku, ndi kumfunsa asanacoke kuti waya wa usiku walumikizidwa pati, ndipo udzayaka ola liti ndi kuzima ola liti. Mayankhowo alembedwe pa pepala ndi kumatidwa pa kabati ya mita.

Kuyesa kwenikweni kumacitika usiku woyamba. Mita ya Economy 7 imaonetsa manambala awiri, ya masana ndi ya usiku, ndipo popeza makampani amasiyana pa kachulidwe kao, n'kofunika kufunsa kuti ya usiku ndi iti. Lembani onse awiri madzulo nkhalamba isanagone, muwalembenso m'mawa, ndipo mugwire paipi yotuluka pa thanki musanakhudze swichi yothandizira. Ngati paipi njozizira, waya wa usiku sunatsegulidwe. Ngati njotentha koma nambala ya masana ndiyo yayenda ndi mayunitsi angapo, ndandanda ziwiri zija sizikugwirizana. Pa zonse ziwiri imbirani kampani tsiku lomwelo, nenani poyera kuti mukupereka dandaulo ndiponso kuti m'nyumbamo muli munthu wokalamba wopanda madzi otentha, ndipo lembani tsiku ndi nambala ya dandaulolo. Kampani ikalephera kukonza pa masabata 8, nkhani itha kupita kwaulere ku ofesi yoweruza madandaulo ya Energy Ombudsman, ndipo masabata 8 amenewo amayamba kuwerengedwa pa tsiku limene dandaulo linaperekedwa.